Masitepe Atatu Pakhomo la Achinyamata ku Kawale

Olemekezeka Bambo Gwanda, wapampando wa komiti ya achinyamata kuno ku Kawale. Olemekezeka a Khansala a dera lino. Abusa ndi mashehe. Mayi Sungeni, amene muziphunzitsa makompyuta muno. Amayi, abambo ndi achinyamata nonse, landirani ulemu wanga.

Ine ndine Leston Kachingwe, wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo mawu ambiri ndilibe. Mwandiitana kudzatsegulira nyumbayi chifukwa zitseko ndi mawindo ake zinatuluka m'manja mwanga, ndipo ndathokoza. Koma pepala limene mwandilembera kuti ndiwerenge ndalipinda, lili m'thumba.

Mwamva kuti muno mukhala makompyuta ophunzirira ndi a magemu. Ine magemu ndinkadana nawo. Zaka zinayi zapitazo mwana wanga Esau, bambo wa ana awiri, anagundidwa ndi lole akuyendetsa njinga yamoto ya kabaza, miyendo yake inafa. Chaka chathunthu anagona choyang'ana kukhoma. Mnzake Zaki anamubweretsera kompyuta yokhala ndi gemu imodzi yakalekale. Ndinati, "Iwe Zaki, mwana wanga wafa miyendo, ukufuna afenso mutu?" Iye anati, "Madala, tangokhalani pansi muone."

Ndinakhala, ndinaona. Msilikali amatsikira m'mapanga a pansi pa mudzi ali ndi kampeni chabe. Akapha chilombo mphamvu zake zimakula pang'ono, ndipo wosewerayo amasankha yekha kuti zipite kumkono, kuliwiro kapena kunzeru. Lupanga limabuntha, chishango chimang'aluka, ndipo ayenera kukwera kumtunda kwa wosula. Pamenepo ndinati, amene anapanga izi chitsulo amachidziwa. Koma lamulo lalikulu ndi ili: msilikali akaphedwa, zida zake zonse zimatsala pomwe wagwera. Amadzuka kumudzi chimanjamanja, ndipo akafuna zake ayenera kubwerera pomwepo, pamene chomupha chija chikumudikira.

Esau anaphedwa kosawerengeka, ndipo kosawerengeka anabwerera. M'mawa wina anati, "Bambo, ndikankheni, tipite pamphambano paja." Tinapita pomwe lole inamugunda. Anayang'ana phula nthawi yaitali, kenako anati, "Basi, ndatola zanga." Sabata yotsatira anayamba kuphunzira kukonza makompyuta. Onse khumi ndi awiri amene ali m'katimo anabwera akufa, wawadzutsa ndi iyeyo, patebulo la kunyumba, ndipo ndiye amene aziwasamalira muno.

Tsono tayang'anani pakhomopo. Masitepe atatu! Kawiri konse ndinauza komiti kuti njinga ya olumala siikwera pamenepo. Munandiyankha kuti masitepe amaipatsa nyumba ulemu, ndipo Esau muzimunyamula. Kumunyamula? Ngati thumba la chimanga? Munthu amene anabwerera yekha pomwe anagwera, inu mukuti alowe pamalo ake a ntchito atalendewera m'manja mwa anzake? Uyo ali apoyo, padzuwa, kunja kwa tenti. Musazolike, a komiti, muyang'aneni. Ndipo si yekha: ku Biwi aliko, ku Chinsapo aliko, amene akanafika pano n'kubwerera pakhomo.

Sizasi iyi sindidulira riboni mwini ntchito ali panja. Zaki, tsitsa chija pangolo. Ichi ndi chitsulo chokwererapo njinga, ndachiwotcherera sabata ino. A Gwanda, vulani jekete mugwire mbali iyo. Inunso munagwera pakhomo pomwepa, bwererani mudzatole zanu. A Khansala, pepani, tasunthani pang'ono.

Chakhazikika. Esau, asakukankhe munthu. Kwera wekha.

Walowa.

Tsopano, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ino yatsegulidwa, kwa oyenda ndi miyendo ndi kwa oyenda ndi matayala omwe.

Zikomo kwambiri.