Mwendo Woyandama wa Che Bwanali

Zaka ziwiri itatha njala yaikulu ija, sitima ikadali chinthu chothamangira kukaona ku Salima, ine ndinali mnyamata wa mwendo umodzi ndi theka. Theka linalo idadya ng'ona pa mathiriro a Linthipe, ndipo mpaka lero sidabwere kudzathokoza. Inu anyamata mwandibweretsera njinga ya olumalayi, khalani kaye pansi, mafomu anuwo sathawa.

Masiku ano mukuti muli ndi komiti yoona za aulumali, koma nthawi imeneyo komiti yake inali mudzi womwewo. Pagombe pathu ku Lifuwu panali lamulo lakuti aliyense wogwira chingwe cha khoka, ngakhale mlendo wongodutsa, sachoka chimanjamanja. Ine chingwe sindinkagwira, poti manja onse anali pa ndodo, koma nsomba ankandipatsabe, ndipo pondipatsapo ankayang'ana kumbali ngati ali pamaliro. Chiyambire cha ngozi ija panalibe wondiseka kapena wondikalipira, ndipo ndikuuzeni, nsomba yachisoni imawawa kuposa ndulu yake.

Tsono panali Nabanda, mtsikana amene ndidamufunsira ng'ona isanandilawe. Iyeyo sadasinthe mtima, koma atsibweni ake, a Gomani, eni khoka, adanena poyera kuti, "Mkamwini wosagwira chingwe ine ayi. Mwanayu adzadya chisoni?" Akwawo anali atayamba kale kutchula dzina la mnyamata wina wa ku Chinguluwe.

Amene adadzuka nayo nkhaniyi ndi Che Bwanali, mmisiri wosema mabwato. Adandiyeza ndi luzi nati, "Inshallah, Ijumaa ikubwerayi, Lachisanu lomweli, uyenda. Bwato lonyamula anthu asanu ndimasema, ndiye mwendo umodzi undikanike?" Paja mutu umodzi susenza denga: amayi a kumpingo kwathu adasoka kansalu nkuikamo thonje kuti chitsa chisapweteke, wokonza njinga kumsika adapereka mphira yomangira, ndipo anyamata a kumzikiti ankandigwira uku ndi uku pophunzira kuponda.

Koma mmisiri wa mabwato, ana inu, amadziwa chinthu chimodzi, chakuti mtengo wabwino ndi woyandama. Pofuna kuti ndisamatope, Che Bwanali adasankha mtengo wopepuka uja tinkapangira zoyandamitsa ukonde. Pamtunda mwendowo unali ngati nthenga, ndipo ndinkayenda monyada ngati msilikali.

Lidafika tsiku lokoka khoka, dzuwa lili pamutu, mudzi wonse uli pagombe, Nabanda ali pakati pa amayi ndi dengu lake. Ine osafuna kugwira kumapeto kwa chingwe kumene kumagwira nkhalamba, ndidalowa m'madzi kutsogolo kwenikweni. M'mawondo zinali bwino. M'chiuno ndidamva mwendo ukuyamba maganizo akeake. Madzi atafika pachifuwa, mwendo uja udangoti vuu, kutulukira pamwamba, ine chagada, mutu pansi! Amene anali kumtunda akuti ankangoona mtengo uli njo, ukuloza kumwamba.

Nditavuuka ndikulavula madzi, anthu onse pagombe adayang'ana kumbali. Kenaka Nabanda adalephera kudzigwira, adaphulika kuseka mpaka dengu lidagwa, ndipo anthu onse adatsatira, ena kugubuduka pamchenga. Che Bwanali atagwira kumutu ankangoti, "Astaghafirullah, ndasema bwato!" Inu mukuganiza kuti ndidachita manyazi? Ayi ndithu, ndidasangalala kwambiri, chifukwa chichitikire ngozi ija aka kanali koyamba kuti anthu andiseke ngati mnzawo. Ndipo chingwe chija, ngakhale ndinali chadodolido, sindidachitaye.

A Gomani okha sadaseke. Adabwera m'madzimo, nayang'ana dzanja langa lili gwa pa chingwe, nkundikokera kumtunda. Adadula mwala umodzi mwa miyala ija timamangirira kunsi kwa khoka, nagwada pamchenga, munthu wamkulu ngati uja, nkuumanga pa mwendo wanga ndi manja awo. Atamaliza adandikalipira: "Mukuyang'ana chiyani? Nsomba zikuthawa. Bwererani pa chingwe, akamwini!"

Mawu omalizawo adamveka mpaka kwa amayi, ndipo nthungululu zidalira khoka lisanafike n'kumtunda komwe. Tsiku limenelo ndidalandira chambo zinayi, zanga, zogwirira ntchito, ndipo a Gomani adandiponyera osayang'ana kumbali.

Mwendo wachiwiri Che Bwanali adasema wa mlombwa, koma woyamba uja Nabanda adausunga kudenga zaka zonse takhala limodzi, ndipo tikayambana ankangouloza, mkangano nkuthera m'kuseka.

Njinga yanuyi ndailandira ndi manja awiri, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma kumene mukupita nazo zinazo, musamangomusiyira munthu chipangizo nkumuyang'ana mwachisoni. Mufunseni chingwe chimene akufuna kugwira, mumusiyire malo pamenepo, ndipo akagwa chagada musaope kuseka naye. Tsopano ndikankheni tipite kugombe, ndikaone ngati iyi siyandama.