Telala Amene Anabzala Mitengo Yosadyedwa

Malemu bambo athuwa anabadwa pa 9 Juni 1954, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera Sitandade 6, kenaka anakaphunzira kusoka kwa amalume awo. Mu 1978 anamanga banja ndi mayi athu ali apawa. Ankasokera pakhonde la golosale ya kumsewu, moti ambiri a inu dzina lawo lenileni simulidziwa, mumangoti a Telala.

Mu 1991, atasamukira m'dera lino, anapeza kuseri kwa nyumba zathu kuli dzala la aliyense. Analambula okha, n'kubzalapo mitengo, n'kumaithirira ndi madzi otsukira mbale. Anthu ankawaseka kuti wanzeru amabzala mango, osati mitengo yosadyedwa. Oseka omwewo, mitengo itakula, ndi amene ankabwera ndi mipando yawo kudzathawa dzuwa, ana awo akuthamangitsana pa udzu.

Mu 2019 mpongozi wawo wamng'ono, amene walemba mbiriyi, anabereka mwana wamkazi. Mwanayo asanayambe n'kulankhula komwe anapezeka ndi mphumu. Chifuwa chake chinkalira ngati likhweru, ndipo agogo akewa, pofuna kuseketsa mayi wake amene ankangolira, anamutcha Kalikhweru. Adokotala anapereka mankhwala opopera m'kamwa, koma ananenetsa kuti mwana atalikirane ndi fumbi ndi utsi. Atalikirane bwanji poti khomo la nyumba linayang'ana kumsewu?

Malemu sanachulutse zonena. Anachotsa makina awo pagolosale, pamene pankadutsa makasitomala, n'kukawaika pansi pa mitengo ija. Mayi athu anadandaula kuti kumeneko azikasokera mbalame. Iwo anangoseka. Mwana ankaswera pomwepo, akutola tizidutswa ta nsalu pamapazi awo. Sitikunena kuti mitengo inamuchiritsa, ayi. Koma mayi wake, amene khutu lake silichoka pachifuwa cha mwanayo, akudziwa kuti njira ya kuchipatala inayamba kumera udzu.

Mu Ogasiti chaka chino malemu anagwa ndi sitiroko. Iwo ali gone m'chipatala, komiti ya dera inakumana, inati malo aja ndi ongokhala, n'kuwapereka kwa mwini malole a mchenga. Banja linapangana kuti asauzidwe. Tsiku lotuluka anawalowetsera khomo la kumaso, makatani onse atatsekedwa. Koma mainjini sabisika. Analoza zenera, kulozanso, mpaka mpongozi uja anatsegula makataniwo. Anaona zitsa ndi matayala. Pakamwa panali patapotoka, koma onse anali m'chipindamo anamva bwinobwino:

"Nanga Kalikhweru azikapumira kuti?"

Sabata lomwelo mwana anabanika, n'kukagonekedwa m'chipatala, zimene banja linali litayamba kuiwala. Malemu anasiya kudya, anasiyanso kuyang'ana kuzenera. Anatisiya pa 14 Okutobala.

Asiya mayi athu, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Wamng'ono pa onse ndi uyo wakhala kumbuyoko, wamangidwa kansalu pamphuno. Pepani, sikuti ndi mwano.

Tikuthokoza anamwino amene anasamala agogo ndi mdzukulu mwezi umodzi womwewo. Tikuthokoza a mpingo ndi oyandikana nawo nyumba. Tikuthokoza atcheyamani a komiti potibwereka tenti, poti mthunzi kuno kulibenso. Tikuthokozanso eni malole chifukwa cha nkhuni zimene zaphikira anthu pamaliro pano. Mayi athu azizindikira nkhunizo. Ina ikadali ndi msomali umene malemu ankakolekapo tepi yawo yoyezera.

Lole yotinyamulira maliro, ya eni malole omwewo, tailandira ndi manja awiri. Pempho ndi limodzi lokha: adalaivala azimitse kaye injini mpaka titamaliza pemphero. Utsi ukubwera mbali ya mwana.

A Telala, bambo athu, mzimu wanu uwuse mumtendere. Ife tatsala ndi zitsa, ndi funso lanu lija.