Chitseko cha Bambo Elliam Namakhwa

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1933 kuno kwa Nsamala, m'nyumba yomwe inali pafupi ndi mtengo wa bwemba uwo. Dzina lawo ndi bambo Elliam Namakhwa, koma ambiri mwa inu munkawatchula kuti Achitseko, ndipo ena munkatero mukuseka. Ine ndine Martina, mlongo wawo wamkulu. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi mwana wawo Feston, koma mukumuona nokha mmene alili. Ndiwerenga ine, pakuti malemu anandituma mawu ali m'chipatala. Amayi muli kukhondeko, tadulani kaye kulira. Mulira ndikamaliza.

Sukulu anayamba mu 1942 ku mishoni, nalekeza Sitandade 6 mu 1950. Anali mwana wosakonda kulankhula, wa manja ofatsa. Mbuzi ikathyoka mwendo, ena akunola mpeni, iwo ankafuna timitengo ndi luzi. Mu 1953 analembedwa ntchito pachipatala ku Zomba: kukolopa, kutaya mabeseni, kukankha odwala, ndi kuperekeza omwalira ku nyumba ya chisoni. Ankati ntchito imeneyo ndi imene inawaphunzitsa kulemera kwa thupi la munthu.

Mu 1958 anamanga banja ndi mayi Clementina a ku Nsanama, ukwati wa kutchalitchi. Akhala limodzi kufikira Lachinayi lapitali.

Mu 1966 anasankhidwa kupita ku Blantyre kukaphunzira chithandizo choyamba, ntchito ya munthu amene amakwera mu ambulansi ndi kufika pangozi dokotala asanamuone wovulalayo. Mayeso oyamba analephera, chifukwa mafunso anali m'Chingerezi chovuta. Sanabise. Anabwera kuno patchuthi mu 1967 ndi kabuku kawo kuti akonzekere kulembanso, ndipo poti panalibe wovulala woti aphunzirirepo, anatenga ine.

Anamasula chitseko cha nyumba ya bambo athu, chomwe chinali chokhacho chamatabwa m'mudzi muno. Anati, "Achemwali, tiyerekeze kuti mwagwa mumtengo wa mango. Musadzuke, musatembenuze mutu." Ndinagona pansi. Anaitana amuna atatu, mmodzi kugwira mutu, enawo kundigubuduza thupi lonse nthawi imodzi ngati chipika. Anandimanga ndi zitenje pachipumi, pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo, nandikweza m'mwamba. Amayi athu anatulukira kuchokera kudimba, naponya khasu pansi. "Malodza anji awa! Wamoyo amagona chagada pathabwa? Iwe Elliam, ukumuitanira imfa mlongo wako!" Anawathamangitsa ndi tsache mpaka kuseri kwa khola, ndipo chitsekocho anachitsuka ndi madzi asanalole kuti chibwerere pakhomo.

Amayi athu sananene chachilendo. Tonse pano tinakula tikudziwa kuti wonyamulidwa chogona, atamangidwa, ndi mtembo. Ife Akhristu timati pachithatha, abale athu Achisilamu amati pajeneza. Wamoyo timamudzutsa, timamukhazika tsonga, timamupatsa madzi, kuti aone kuti akadali nafe. Koma malemu anandiuza tsiku lomwelo kuti mkati mwa msana, kuchokera m'khosi, mumadutsa mtsempha wofewa umene umayendetsa manja ndi miyendo. Fupa likathyoka limakhala lakuthwa. Munthuyo akagona phee, mtsempha umapulumuka. Mukamupinda, fupa limaudula, ndipo palibe dokotala amene angaulumikize. Mawu amenewa ndinawamva ndili chagada pachitseko, ndikuyang'ana mitambo. Lero ndili ndi zaka 62 ndipo ndimalimabe.

Mu Novembala 1967 anakhoza, nalandira setifiketi yawo yoyamba. Mu 1968 anayamba kuyenda mu ambulansi, woyendetsa wake ali Che Swaibu, akhala apo ndi chisoti choyera. Chaka chomwecho anaitanidwa pafupi ndi Balaka, kumene mnyamata wina dzina lake Yotamu anagwa palole ya thonje. Oona anati atangogwa ankaponya miyendo ndi kukuwa. Anzake anamumvera chisoni, anamugwira m'khwapa ndi m'miyendo, nakamutsamiritsa pamtengo kuti akhale pamthunzi. Ambulansi inapeza miyendo ija ili ngati ya munthu wina. Yotamu anakhala pamphasa mpaka anamwalira mu 1975, ndipo malemu sankadutsa msewu umenewo osapatuka kukamuona.

Nkhani ya Yotamu sinawachoke. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi sikuludiraiva yomasulira zitseko m'thumba la malaya, ngakhale popita kutchalitchi. Akafika pakhomo pa munthu, asanapereke moni, maso awo ankayamba apita pachitseko kuona ngati chingamasuke msanga. Mlamu wanga Clementina angachitire umboni kuti nthawi zina ankasiya kudya pakati, n'kumayang'ana zala za kumapazi kwawo, akuzigwedeza.

Mu 1974 anabwereranso ku maphunziro, nawonjezera za kuletsa magazi ndi kupumira m'kamwa munthu womira. Analandira setifiketi yachiwiri, yowalola kuphunzitsa ena, ndipo anawasamutsira ku Liwonde. Kumeneko anathandiza asodzi ovuulidwa mu Shire, olumidwa ndi ng'ona, ndi antchito a njanji opanikizidwa ndi mabogi. Anaphunzitsa m'masukulu, m'misika, ngakhale pamisonkhano ya chipani ankapempha a tcheyamani kuti awapatse kanthawi kumapeto. Munkawomba m'manja. Akatembenuka munkati, "Achitseko ayamba zawo zija."

Mu 1979, ali patchuthi ku Nsanama, mtsikana wina anagwa pangolo, nagunda msana pamwala. Lero timawatchula Abiti Hamadi, amagulitsa mpunga pamsika pomwepo. Amalume ake anafuna kumudzutsa. Malemu anagwada, nagwira mutu wa mwanayo m'manja mwawo, nati, "Wofuna kumudzutsa ayambe wandichotsa ine." Anatukwanidwa m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe, koma sanasunthe kufikira mwini golosale anapereka chitseko. Mtsikanayo anagona miyezi ku Zomba, nabwerako akuyenda ndi miyendo yake. Tonse tinaona. Tinati ndi mwayi wake.

Kuyambira mu 1986 anthu othawa nkhondo ku Mozambique anayamba kulowa kudzera ku Nayuchi, ena ndi mabala a zipolopolo, ena ataponda mabomba okwirira. Msewu umenewo malemu ndi Che Swaibu anauyenda mpaka ankadziwa dzenje lililonse. Zimene anaona kumeneko sanafotokozerepo aliyense wa ife. Anangosiya kudya nyama. Mu 1988 anapuma pantchito, nakakhala ku Nsanama kwa akazi awo, akulima nandolo ndi chimanga. Sikuludiraiva sanaisiye.

Lachinayi pa 12 Sepitembala chaka chino cha 1991, m'mawa, anamanga thumba la nandolo panjinga kupita nalo kumsika. Atatsala pang'ono kufika, lole inadutsa ndi fumbi lake, iwo anapatukira m'mbali, gudumu linalowa mumchenga, ndipo anagwera m'ngalande cha mutu. Sanakomoke. Anthu atathamangirako anawapeza ali chagada, akulankhula bwinobwino. Izi ndauzidwa ndi anthu oposa mmodzi, ndipo onse akunena zofanana. Malemu anati, "Musandigwire. Khosi langa lathyoka, koma onani, zala zanga zikugwedezeka. Bweretsani chitseko, mundigoneke, mundimange." Anaitana Abiti Hamadi, omwe anali m'gulumo, kuti atenge sikuludiraiva m'thumba mwawo. Mayiwa anatenga, nathamanga kupita kunyumba kwawo.

Otsalawo anayang'anana. Dzuwa linali likuwomba kumaso kwa munthu wamkulu, wolemekezeka, ali m'ngalande ngati galu. Wina anati, "Iyayi, adokotala, musadzilosere zoipa, inu simufa." Wina anati mutu wasokonezeka ndi kugwako, akubwebweta za ntchito yawo yakale. Wina anati sitingamange bambo athu ngati maliro akupuma. Malemu anati, "Chonde, abale anga." Anawagwira m'khwapa, anawadzutsa, anawatsamiritsa pamtengo wa mango, nawathira madzi kumutu. Galimoto ya matola itafika anawakhazika tsonga kutsogolo, pamalo aulemu, pafupi ndi woyendetsa.

Abiti Hamadi anafika pamsewu atasenza chitseko cha nyumba yawo, galimoto ikuthera pakona. Akuti anaima pomwepo nthawi yaitali, chitseko chili pamutu.

Ine ndinawapeza ku chipatala cha ku Liwonde tsiku lotsatira. Madokotala ndi anamwino, ena mwa iwo ophunzitsidwa ndi malemu omwe, anachita zonse zimene akanatha. Kuchokera m'mapewa kutsika, thupi silinkamva kanthu. Mutu wokha unali wamoyo. Anandifunsa kuti, "Achemwali, tavundukulani bulangete. Zala zikugwedezeka?" Ndinavundukula. Ndinati iyayi. Anatseka maso, nati, "Ndimadziwa. Ndinazimva zikuzima pamtengo paja." Tsiku lililonse ankandifunsa funso lomwelo, ndipo tsiku lililonse ndinkavundukula.

Sanakwiyire munthu. Anati, "Anthu aja amandikonda, n'chifukwa chake anandidzutsa." Chimene chinkawapweteka n'china. Anati, "Masetifiketi ndili nawo awiri, koma mayeso enieni ndalephera. Ndaphunzitsa zaka zonsezi, wamva ndi mmodzi." Ndipo anandituma kuti, "Pamaliro anga musawerenge za masetifiketi zokha. Mukanene za chitseko. Pamaliro ndi pamene anthu amakhala chete." Pambuyo pake chibayo chinalowa, pakuti munthu wogona chotero satha kukhosomola. Anatisiya Lachinayi pa 3 Okutobala, masana, akazi awo ali pambali.

Ndamva kale manong'onong'o, ena akuti analodzedwa, ena akuti anadziitanira okha imfa potchula chitseko. Zimenezo zithere pano. Mayina a amene anawanyamula sinditchula. Ena mwa inu mwabwera palole kuchokera ku Nsanama, mwagona panja, mwathandiza kukumba manda. Ndikukuonani, ndipo sindikukudani. Ine ndemwe, chichokereni kuchipatala, ndikamatseka chitseko changa ndimamva mawu aja akuti, "Chonde, abale anga," ngakhale pamalopo panalibe ine. Sindikudziwa inu amene munalipo mumamva chiyani.

Malemu asiya akazi awo mayi Clementina, ana atatu, Feston, Janet ndi Rose, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine mlongo wawo. Abale athu ena onse anatsogola.

Banja likuthokoza mafumu a kuno ndi a ku Nsanama, abusa ndi amayi a mvano, mashehe ndi abale onse Achisilamu amene atikhalira pafupi, a chipani, adzukulu okumba manda, ndi amayi ophika. Tikuthokoza a chipatala potipatsa galimoto yobweretsa thupi, ndi Che Swaibu, omwe ngakhale anapuma pantchito anapempha kuti ayendetse okha, kuti mnzawo amufikitse kwawo. Tikuthokozanso Abiti Hamadi. Nyumba yawo ilibe chitseko mpaka lero, anakana kuchibwezera. Abwera nacho, ndi icho chatsamira pabwemba apo. Chiyang'aneni.

Achimwene anga Elliam, mwanyamula anthu mokwana. Mulungu akugonekeni pofewa, mzimu wanu uuse mu mtendere.

Tsopano inu otsala. Posachedwa amuna adzuka kunyamula bokosili. Ndikudziwa kuti mulinyamula bwino: wina kumutu, ena m'mbali, kukweza nthawi imodzi, osapendeketsa, osagwedeza, kuyenda pang'onopang'ono. Luso limeneli muli nalo kale. Mumangolisungira akufa. Chitseko icho chibwerera ku Nsanama, chikakhala pamsika pamene Abiti Hamadi amagulitsira mpunga, pamodzi ndi zitenje zake. Loweruka likudzali Che Swaibu akaonetsa kamangidwe kake, ndipo woyamba kugonapo ndikakhala ine, pamaso panu nonse, kuti muone ngati ndimwalira. Mubwere. Ndipo tsiku limene mudzapeze munthu atagwa, kaya ndi mwana wanu, kaya ndi mlendo, akupuma, zala zikugwedezeka, manja anu adzayabwa kuti mumudzutse. Apindeni kumbuyo. Mugwade pambali pake, mumutchingire dzuwa ndi chitenje, mumugwire mutu, ndipo mudikire chitseko chifike.