Petulo mu Pikapu ya Abwana

Omvera anzanga, ine ndimagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, kuno ku Joni. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma kabuku kalikonse kongokhala m'nyumba mwa abwana ndimakawerenga, ngakhale ka malangizo a pikapu yawo ya dizilo.

Tsiku lina anandituma kukathira mafuta. Pagalaja, wothira mafuta atamva ndikung'ung'udza nyimbo ya kwathu anati, "Achimwene, ndinu a ku Malawi? Bambo anga anali a ku Dedza!" Macheza anakoma. Atafunsa kuti, "Nayinte-faifi?" umene ndi mtundu wa petulo, ine ndinangogwedeza mutu kuvomera, maganizo ali ku Dedza.

Fungo ndi limene linandidzidzimutsa. Thanki inali itadzaza petulo m'malo mwa dizilo. Ntchitoyi ndiyo imadyetsa ana anga ku Ntcheu, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno anali atatha. Abwana akanapsa mtima n'kuitana apolisi, kwanga kukanatha.

"Lizani muzipita, achimwene, mwina sizidziwika," ananong'ona mnzangayo. Koma kabuku kaja kanati injini ikangolira, ndiye yawonongeka. Tinakankhira pikapuyo pambali, otidikira kumbuyo akutiimbira mahutala.

Ndinaimba foni. Abwana anafunsa chimodzi chokha: "Waliza injini?"

"Ayi, bwana."

Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zomanga katundu. Koma abwana anati, "Khala pomwepo, ndikutumiza amakanika adzapope petuloyo."

Anzanga, zikakuchitikirani musalize galimoto, ndipo nenani zoona. Ntchito ndikadali nayo, makiyi okha anandilanda. Masiku ano ndimayendetsa wilibala.