Kaputeni Amene Ankadya Pomaliza

Zaka zija titangofika kuno kudziko la azungu, mafoni asanakutsekeni makutu ngati lero, ine ndinkagwira ntchito kunyumba ina yosungira okalamba ku Dudley. Chikondi, ika foniyo pansi, ndikulankhula ndi iwenso. Ndinkakwera mabasi awiri kuchokera ku Longbridge, nthawi imeneyo fakitale ya magalimoto ikadalipo, osati masitolo mumakazungulirakowa, ndipo ngakhale kumudzi ndinali nesi wokhwima, kuno ndinali ndikudikirabe mapepala ondiloleza kukhala ndi kugwira unesi, choncho ntchito yanga inali kusambitsa ndi kudyetsa anthu basi.

M'nyumbamo munali bambo ena okalamba amene tonse tinkawatchula kuti a Kaputeni. Anali msilikali wa pamadzi, ndipo ali ndi mphamvu zawo anatsogolera anthu kupita kumathero a dziko, kumene kulibe mtengo kapena udzu, madzi oundana okhaokha, dzuwa osatuluka miyezi yathunthu. Inu mumalira ndi kachisanu ka pa siteji ya basi! Ine ndinaona mapazi awo powasambitsa, zala zinatsala zitatu, zinazo zinadyedwa ndi kuzizira. Koma pamene ndinkawadziwa mutu unali utasokonekera, ankayesa kuti akadali mutenti ndi anyamata awo.

Ndiye anasiya kudya. Mbale ikabwera, ankaikankhira kwa mnzawo wapambali n'kupinda manja. Atsikana a pa shifti ankabwera ndi sipuni, "Tsegulani pakamwa, dalingi," ngati akunyengerera khanda, ndipo akakana ankangolemba m'fayilo kuti akana chakudya, mbale n'kukataya. Munthu akutha, lamba tikuboola mabowo atsopano, iwo ali kalikiliki ndi cholembera. Safunsa anadya phula, ana inu, koma apa phulalo anadyetsa wina.

Ine ndinafunsa. Ndinagwada pambali pa mpando wawo monga timachitira kwathu, n'kuti, "A Kaputeni, bwanji simukudya?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Anyamata anga adya?"

Ndinakumbukira kuti mayi anga chaka cha njala ankachita chimodzimodzi, kutinamiza kuti adya kale. Ndinazindikira pomwepo. Kumadzi oundana kuja chakudya chinali choyeza, ndipo mtsogoleri ankadya pomaliza, ataona ndi maso ake kuti aliyense wadya. Koma patebulo paja iwo ankalandira mbale koyamba, chifukwa mpando wawo unali pafupi ndi khomo la kukhitchini. Nkhani yonse inali imeneyo!

M'mawa mwake ndinabisa mbale yawo mpaka ena onse atamaliza, ine n'kudya buledi wanga pamaso pawo, kenako ndinawaonetsa mbale zopanda kanthu. "A Kaputeni, onse adya, mwatsala inu." Anawerenga mitu ndi chala, anagwedeza mutu, n'kusesa mbale yonse. Pasanathe mwezi masaya anabwerera.

Mukuyesa anandithokoza? Manijala, mtsikana woti ndikanamubereka kumbuyo, anandiitanira mu ofesi. Akuti wantchito saloledwa kudya pamaso pa okalamba, akuti chakudya chili ndi nthawi yake ndipo ndikuchedwetsa otsuka mbale. Ndinamufotokozera zonse, ndinamupempha kuti alembe m'fayilo mzere umodzi wokha: apatseni pomaliza. Anandisekerera kuseka kwawo kuja kwa mano okhaokha. "Tiona, Agnes." Dzina langa lopanda ngakhale Mayi kutsogolo! Kwathu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kuno mlendo akatulutsa kalumo amamuuza kuti sikali pa mndandanda.

Kenako uthenga unafika kuti bambo anga atisiya ku Ntcheu, ndipo ndinayenera kupita. Ndisananyamuke ndinauza aliyense wa pa shifti, ndinalembanso kapepala n'kumata pa kabati ya a Kaputeni. Koma antchito pamalo paja ankangosinthana, lero uyu mawa wina, ndipo kapepalako anakachotsa, akuti pa katundu wa m'nyumbayo sipamatidwa zinthu.

Nditabwerera patatha mwezi ndinapeza dzina lina pachitseko chawo. Anawatengera kuchipatala atafookeratu, ndipo anamwalirira komweko. Ndinatsegula fayilo yawo. Mzere wanga uja munalibe. Munali "akana chakudya," tsiku ndi tsiku, olemba osiyanasiyana koma mawu omwewo. Munthu amene anabweza anyamata ake onse amoyo kuchokera kumadzi oundana anafa ndi njala m'nyumba yofunda, khitchini ili pamphuno. Sanakane chakudya bambo amene aja, ankadikira anzawo! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawira, ndipo sindikwiyira manijala yekha ayi. Ndimadzikwiyiranso ndekha, chifukwa mu ofesi muja ndinati "chabwino" n'kutuluka mwaulemu, m'malo momenya tebulo mpaka alembe. Ndinkaopa kuti mapepala anga angasokonekere.

Tsono iwe Chikondi ukuti ukufuna unesi, ndipo Madalitso wayamba kale kuchipatala chachikulu ku Edgbaston. Masiku ano mumalemba pa makompyuta, zinthu zimathamanga, koma nkhalamba ndi zomwe zija. Sindikuti muzikalimbana ndi mabwana, ayi. Ndikungoti munthu akakankha mbale, musathamangire kulemba, khalani pansi mumufunse. Ndipo mukadziwa chinthu chimene chikusunga moyo wa munthu, musatuluke m'chipindamo chisanalembedwe, ngakhale akuyang'aneni ndi diso lofiira. Inu munabadwira kuno, ana anga, palibe angakubwezeni pa ndege. Ine ndinatseka pakamwa kuti ndidzisunge, ndipo amene anafa si ine.