Tcheni cha ku Kambombo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a pa Chama pano ndi inu amene muli kutali, mtendere ukhale nanu. Ndine Yotamu Banda, wobadwira ku Chipata, koma Chama inandimeza kalekale. Ndikufuna kukuuzani za chaka chimene motoka yanga inafa pa nthawi imene moyo wa mkazi wanga unali kudalira motokayo. Ndikudziwa kuti ena mumati Yotamu akamalankhula amathira mchere wambiri. Lero ndaima pa umboni, ndipo zonse zimene ndinene ndi zoona. Wokayika akafunse njovu za ku Chifunda, zina zikali moyo.

Zinali m'zaka za m'ma eite, pamene m'sitolo munkapezeka mashelufu ndi wogulitsa basi. Ndinali ndi motoka yokoka ndi mawilo onse anayi, imene ndinkatutira chimanga cha alimi. Inali yokalamba moti dzimbiri ndi limene linkaigwirizira pamodzi. Ndikanati ndilipale, ndikanatsala ndi chiwongolero chokha m'manja.

Mkazi wanga Nyakumwenda anali ndi pakati, ndipo anapita kwa amayi ake ku Chifunda kukadikira. Mwana wathu woyamba tinamutaya pa tsiku lobadwa, choncho mimba iyi tinkainena monong'ona. Kumapeto kwa chilimwe kunafika munthu wa pa njinga ndi uthenga wochokera kwa namwino wa kumeneko. Anati mwana wagona chopingasa, ndipo mayiyo ayenera kukabereka ku chipatala cha pa boma, pa Chama pano, mvula isanagwe. Inu a kuno mukudziwa tanthauzo lake. Mvula ikangoyamba, mitsinje ya mchenga ija imadzaza, msewu umasanduka phala, ndipo Chifunda amakhala dziko lina mpaka mvula itatha.

Sabata yomweyo motoka yanga inayamba kulira ngati munthu akukoka makasu pa mwala. Nditatsegula kutsogolo kwa injini ndinapeza vuto. Mmenemo muli tcheni cha mizere iwiri chimene chimayenda pa magiya awiri, laling'ono pansi, lalikulu pamwamba, ndipo pambali pali kachitsulo kochikankha kuti chisakhwepe, kamene timati tenshona. Tcheni chimenechi ndi chimene chimauza mavalavu, tizitseko ta mpweya ta mu injini, nthawi yotseguka ndi yotseka. Chikalumpha dzino limodzi lokha, injini imapuma pa nthawi yolakwika ngati woimba kwaya amene watsalira mzere. Changa chinali chitatambasuka moti ndikanamangira mbuzi, mbuziyo n'kukadyabe m'munda wa eni ake. Mano a magiya anali atapindika ngati milomo ya kabawi.

Motoka zina zochepa za pa Chama zinali pa miyala, ina kusowa matayala, ina kusowa mafuta. Ndinatuma dalaivala wa lole ina kuti akandifunire sipeya ku Chipata, ndipo anabwera ndi tcheni chokha, chonyezimira, m'kabokosi kopanda dzina. Magiya ndi tenshona anati kulibe ngakhale fungo lake. Aliyense wogwira sipanala amadziwa kuti tcheni chatsopano sichikhala bwino pa mano akutha, koma ndinalibe kochitira. Ndinachiika. Motoka inalira bwino, inayenda mpaka kumsika, kenako inatsokomola, n'kuwombera moti nkhuku zonse za pamsika zinaikira mazira nthawi imodzi, ndi atambala omwe. Tcheni chinali chitalumpha mano.

Mkulu wa mpingo wathu, ba Ng'uni, anabwera kudzandithandiza kukankha. Munthu wabwino kwambiri, koma za injini ankazidziwa ngati mmene ine ndimadziwira za kumwezi.

"Ba Banda," anatero, "ngati vuto ndi mizere iwiri, tengani matcheni awiri a njinga, muwagoneke limodzi. Ine ndipereka changa."

Ndinawathokoza. Ndikunena zoona, ndinafika poima n'kuyang'ana njinga yawoyo kwa kanthawi.

Masana amenewo ndinakhala pa beseni lovundikira, manja ali bii ndi oilo, ndikuyang'ana mitambo ikuunjikana kum'mawa. Apa nthabwala zinandithera. Ndinaganiza za Nyakumwenda atakhala pakhonde la amayi ake, akutchera khutu ku msewu, chifukwa motoka yanga ankaimva ikali kuseri kwa phiri. Ndinaganizanso za kamanda kaja kamene tinakumba, kamene sikanafune ngakhale anthu awiri. Ndinapemphera mmene ndinathera. Ndinati, Ambuye, Inu munalenga njovu yonse popanda kutuma munthu ku Chipata. Ine ndikupempha magiya awiri okha. Musalole kuti mkazi wanga adikire pachabe.

Nditakweza mutu, ba Ng'uni anali ataimabe pomwepo, atagwira njinga yawo. Anati nditenge njingayo, yonse, ndipite ku Kambombo kwa ba Nyazimba.

Ba Nyazimba tonse tinkawadziwa. Anali amasiye a malemu ba Goma, amene anabwera kuchokera ku migodi ndi motoka yofanana ndi yanga. Chimwalirireni mwini wake, motokayo inaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe amene ankaloledwa kuikhudza. Madalaivala anapitako kukapempha zitsulo zake, n'kubwera chimanjamanja. Alamu awo atafuna kuitenga, mayiwo analowamo, n'kutseka chitseko, n'kuyamba kutongola chimanga mpaka alamuwo anatopa.

Ndinalawira m'mamawa. Dzuwa la m'chigwa muno mumalidziwa. Tsiku limenelo chithunzithunzi changa chinakana kupitiriza ulendo, chinatsalira pansi pa mtengo wa mtsanya, ndinachipeza pobwerera. Ndinawapeza mayiwo atakhala m'motoka, ku mpando wa wokwera, akusenda nshawa. Ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Ndiwe wa sipeya?" anandifunsa asanandipatse ndi moni.

"Inde, amama."

"Onse amene amagwada pamenepo ndi a sipeya. Palibe amene anabwerapo kudzaona ine."

Zinali zoona. Ndinangowauza za Nyakumwenda, za mwana wogona chopingasa, za woyamba uja, ndi za mitambo. Anasiya kusenda. Kenako anandiuza chimene sindinamvepo kwa munthu aliyense. Tsiku limene amuna awo anadwala mwadzidzidzi, motoka iyi inali bwinobwino, injini atangoikonza kumene, mafuta alimo. M'mudzi monse munalibe wodziwa kuyendetsa. Anawanyamula pa machira, ndipo anamwalira panjira. Madalaivala anayamba kufika maliro atatha.

"Manje ufuna chiyani m'menemu?" anatero.

Ndinati magiya awiri okha, chifukwa tcheni ndili nacho chatsopano. Manyazi ndi amene ananena zimenezo. Mumtima ndinkadziwa kuti tcheni changa chija chinali chitakwawa kale pa mano oipa, ndipo sindinkadziwa ngakhale kumene chinapangidwa. Koma munthu umapempha bwanji zonse kwa wamasiye?

Anandilola kutsegula. Abale, ba Goma sindinawaonepo, koma tsiku limenelo ndinawadziwa. Mabawuti onse anali omangidwa mofanana. Mano a magiya anali athunthu, nsonga zake zosatha. Tenshona inali yolimba. Tcheni chawo chinali chakuda ndi oilo wakale, koma nditachigwira cham'mbali sichinawerame, pamene changa chonyezimira chija chinagwetsa mutu ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Ndinayala zonse pa mphasa, za ba Goma uku, changa uku, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana. Tcheni ndi magiya zikayendera limodzi zimazolowerana, chilichonse chimadya chinzake mofanana. Ukazilekanitsa, zonse zimavutika.

Ba Nyazimba anatsika, n'kuima pambuyo panga.

"Icho chakuda uchisiyira ndani?"

"Ndi chanu, amama. Sindifuna kukumalizirani zonse."

"Iwe, mwana wa ku Chipata. Anaziika limodzi, tsiku limodzi, ine nditawagwirira beseni. Utenge magiya, icho chitsale chokha m'menemo ngati ine? Tenga zonse. Ndi kachitsulo ako."

Ndinalira, ndipo sindibisa. Misozi ndi oilo zinasakanikirana kumaso moti agalu a pamudzipo anandiuwa ngati chinthu chachilendo. Mayiwo anakulunga zitsulozo mu chitenje chawo, koma sanandipatse. Anati apita nazo okha, chifukwa akufuna kumva mmene zikalirire. Ndinawakweza pa keriyala ya njinga ya ba Ng'uni, atazifukata pamiyendo, mpaka pa Chama.

Mawa lake ndinamanga. Pa magiya pamakhala tizizindikiro timene tiyenera kuyang'anizana, apo ayi ntchito yonse ndi yachabe. Ndinatiyang'ana, ndinapukuta maso, ndinayang'ananso. Ba Ng'uni ankapemphera mokweza kumbuyo kwanga, ndipo m'pempheromo anatchula chitsulo chilichonse ndi dzina lolakwika, koma Mulungu amamva. Ndinazungulitsa injini ndi manja kuti ndione ngati pali pogwira. Panalibe. Nditailiza, inangoti tiii, mosalala, ngati mphaka wokhuta. Ba Nyazimba anaika dzanja pa boneti, n'kutseka maso. Kenako anatsegula chitseko, n'kukhala ku mpando wa wokwera, n'kunena kuti, "Nanga tidikira chiyani?"

Tinafika ku Chifunda mitambo ili pamutu. Nyakumwenda anali pakhonde, katundu atamanga kale, miyendo itatupa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana motoka.

"Sindinakumveni mukubwera," anatero. "Mwaba ya ndani?"

Tinamugoneka kumbuyo pa matiresi, mutu wake uli pamiyendo ya ba Nyazimba, amene anali asanamuonepo chibadwire. Mvula inayamba tili panjira. Ndinkayendetsa khutu limodzi lili ku injini, lina lili kwa mkazi wanga, amene anayamba kubuula pang'onopang'ono. Mayi aja ankamusisita pamphumi, akumuimbira kanyimbo ka Chisenga kamene sindinkamva mawu ake. Pa mtsinje womaliza madzi anatipeza tili pakati. Anafika mpaka pachitseko, anagogoda, ndipo ba Nyazimba anawauza kuti mulibe malo. Ndinaponda mafuta, mawilo anakumba mchenga, injini sinatsokomole ngakhale kamodzi, ndipo tinakwera tsidya. Nditacheuka, pamene tinadutsa panali patasanduka mtsinje wodzaza, ukukokolola mitengo. Pa msewu umenewo sipanadutsenso motoka mpaka chimanga chitacha.

Ku chipatala anamutengera mkati mwachangu, ndipo anati pafunika opaleshoni. Ndinakhala pabenchi panja, zovala zili zonyowa, ba Nyazimba ali pambali panga. Sindinathe kupemphera ndi mawu. Mayiwo anangondigwira dzanja, lija lakuda lija, osaliopa. Patapita nthawi namwino anatuluka, n'kufunsa kuti bambo wa mwana ndani. Ndisanadzuke, mayi aja anandiloza.

"Ndi uyu wakudayu," anatero ba Nyazimba. "Nenani, ali bwanji?"

"Onse awiri ali bwino. Ndi mtsikana."

Nditaloledwa kulowa, Nyakumwenda anali atagona, wofooka, kamwana kali pachifuwa pake kakupuma. Ndinakhala ndikuyang'ana kachifuwa kameneko kakukwera ndi kutsika. Mkazi wanga anatsegula maso pang'ono, n'kunena kuti ndisamukhudze mwana ndisanasambe. Ndinasamba mpaka sopo anandipempha chifundo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokhala pa beseni. Ndikuthokoza ba Ng'uni chifukwa cha njinga, ndi malemu ba Goma amene anamanga injini yawo mosamala osadziwa kuti akumangira mwana wanga. Ba Nyazimba anakhala nafe mpaka Nyakumwenda atachira, ndipo kuyambira pamenepo kwathu kunali kwawo. Iwonso anagona, papita zaka tsopano, ndipo ulendo wawo womaliza ndinawayendetsa ndine.

Inu amene mwakhala pansi lero ndi chinthu chothyoka m'manja, mvula ikubwera, musaleke kupempha. Nenani kwa Mulungu chimene chasowa, ndi dzina lake, ngakhale chikhale chitsulo chakuda. Ndipo akakutumizani pa khomo limene ena onse anabwezedwa, pitani, mukagwade, mukanene zoona zonse. Mtsikana uja lero ndi mayi wa ana ake, ndipo akundiuza kuti ndifupikitse, chifukwa mdzukulu wanga akufuna kunyamulidwa. Ambuye akusungeni nonse. Amen.