Chitenje cha Mayi Wapakhoma

Maynard anachokera ku shifiti akuimba mluzu, poti masana omwewo anthu a okishoni, ogulitsa katundu kwa wopambana mtengo, ankabwera kudzatenga chithunzi chakale cha penti chimene anatola pa kaunjika ku West Bromwich, cha mayi wachizungu akusamba pamtsinje. Atangolowa pabalaza mluzu unathera m'kamwa: mayi wapakhoma uja anali atavala chitenje cha nkhanga, ndipo pansi pake anakhala apongozi ake, a Felista, akudula ulusi ndi mano.

Apongozi suwakalipira, ngakhale akuotchere nyumba. Maynard ananjuta pafupi ndi chitseko, maso ali pa hita yotenthetsera nyumba.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, kaya inu bambo a Mwayi? Ndagwirako kantchito."

"Ndaona, amayi. Kansaluko mwangokoloweka, eti?"

"Kukoloweka? Ine? Ndasoka! Ngakhale kubwere chimphepo, sichigwa chimenecho."

"Mwasoka pachithunzi penipenipo?"

"Nanga ndikanasoka pakhoma? Koma n'cholimba, abale. Mpaka singano kuthyoka."

Thukuta linayamba kutsika msana wa Maynard. Chithunzi chimenechi ndicho ankati akachigulitsa chimutulutsa m'nyumba ya lendi ku Erdington, ndipo kutchalitchi anali atauza aliyense wokhala ndi makutu.

"Amayi, mayiwa amayenera kukhala mmene analili."

"Analili bwanji?"

Ha! Mawu ake ndi oti munthu n'kuwatchula pamaso pa apongozi? Maynard anakanda pamutu posayabwa.

"Mmene… mmene munawapezera muja."

"Ndinawapeza ali mbulanda! Mdzukulu wanga akudya phala, iwo ali tong'o, osachita ndi manyazi omwe."

"Ndi luso limenelo, amayi. Akhala choncho zaka zoposa handiredi."

"Kalanga ine!" a Felista anagwira pachifuwa. "Kuzizira kwa kunoku? Anthu a dziko lino alibe chisoni."

"Samva kuzizira, amayi. Ndi penti."

"Mwaiona milomo yawo? Mpaka yasanduka yabuluu."

"Ndi mmene anawajambulira."

"Ndiye wojambulayo anaona kuti munthu akunjenjemera, iye n'kumapitiriza?"

Maynard anapumira m'mwamba. Anali munthu wosagonja. Anaganiza kuti akawafotokozera za okishoni mwatsatanetsatane, amvetsa. Kumeneko ndiye kunali kuthira palafini pamoto.

"Tamverani, amayi. Anthu odziwa zinthu amasonkhana mu holo. Chithunzi amachiimika kutsogolo. Ena amabwera ndi magalasi okulitsa."

"Okulitsa chiyani?"

"Kuti aonetsetse bwino."

"Amuna?"

"Amuna, akazi. Ena amaonera pa foni ali ku London."

"Mpaka ku London! Kwathu ku Ntcheu mwamuna akamayandikira pamtsinje amayamba wafuula kuti akazi adziphimbe. Kuno mumachita kuitanizana?"

"Amaona dzanja la mmisiri, amayi. Kenako amapikisana mtengo, wopambana ndiye amawatenga."

"Kuwatenga kupita nawo kuti?"

"Kunyumba kwake."

"Akwawo akudziwa?"

"Alibe akwawo, amayi!" Mawu anakwera okha. Maynard anawatsitsa msanga, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Ndikuti alibe akwawo."

"Ndi wamasiyenso? Mayo! Mpake anthu akumuseweretsa. Tandipatsirani singano ina, ndimusokere ndi duku lomwe."

"Ayi, amayi, chonde. Palibenso chosoka. Ndipo chitenjecho chichoke lero."

"Ndi changa cha pa Khirisimasi, sindinachivalepo. Musadandaule, ndapereka ndi mtima wonse."

"Sindikunena zimenezo."

"Kumaso ndawapukutanso ndi sopo. Kunali bii ndi utsi. Tsaya limodzi lachoka pang'ono, koma akuoneka kuti ndi munthu."

Maynard anaiwala mwambo, anadzuka n'kuthamangira pakhoma. Zoonadi, tsaya kunalibe. Maso ake anatsikira pakona, pamene panali dzina la wojambula, pamene akuluakulu a okishoni aja anayang'anitsitsa akugwedeza mitu tsiku limene anawaonetsa. Panali poyera mbee.

"Amayi… zolemba zinali apazi?"

"Ndapala ndi mpeni."

"Linali dzina la mmisiri! Popanda dzinalo chithunzichi n'chopanda pake!"

"Ndiye kuti ndamuthandiza. Munthu angalembe dzina lake pafupi ndi mwendo wa mayi wosavala? Ana ake aziyenda bwanji pamsewu?"

"Anamwalira kalekale!"

"Pepani. Mulungu amukhululukire."

Kunja kunalira hutala. Maynard anasuzumira pazenera: vani ya okishoni, azungu awiri akutsitsa mabulangete okulungira katundu. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma makani sanamuchoke. Tsaya lapita, dzina lapita, koma mwina pansi pa nkhangazo padakali kena kogulitsa. Anatola sizasi ya apongozi patebulo.

"Mukutani, bambo a Mwayi?"

"Ndikumasula, amayi. Mundikhululukire."

"Pamaso panga?"

"Mutha kuyang'ana kukhitchini."

"Sindisuntha!" A Felista anaima kutsogolo kwa chithunzi atatambasula manja, nkhope atatembenuzira kumbali mwaulemu monga apongozi.

"Anthu akudikira, amayi!"

"Adikire!"

Pomwepo kiyi anazungulira pachitseko. Analowa Tiwa, mkazi wa Maynard, ali mu yunifolomu ya unamwino, maso ali ofiira ndi kutopa. Anapeza mwamuna wake ali ndi sizasi m'manja, dzanja lina litagwira nsonga ya chitenje, akudontha thukuta.

"Kwagwanji muno?"

Maynard anatsegula pakamwa, koma apongozi anamutsogolera.

"Wabwera bwino, mwana wanga. Tawagwira amuna akowa. Ine ndaveka mkazi wa eni, iwo akuti amuvule msanga, ati anzawo akudikira panja ndi mabulangete."